PHUNZIRO: ZA NAMONDWE WOCOKERA KU NYANJA YA MCERE

Ambiri a ife a ku Neno sitinaione nyanja ya mcere ndi maso athu. Kucokera kuno kufikira ku gombe la Quelimane kuli makilomita oposa 300. Potero munthu akamva pa wailesi kuti namondwe wafika ku Mozambique, anena mumtima mwace, "Izo nza eni gombe, ife tiri kumapiri." M'phunziro la mwezi uno tifuna kuona kuti ganizo limeneli liri lolakwa, ndi kuti lataitsa miyoyo yambiri.

1. Kubadwa kwa namondwe

Namondwe wamkuru abadwira pamwamba pa nyanja, pamene madzi afunda kufikira madigiri 26 kapena 27. Nthunzi ikwera kumwamba monga icita pa mphika wowira, nisanduka mitambo. Mphepo ya m'mbali ithamangira kudzaza malo amene mpweya wokwerawo wasiya, ndipo cifukwa ca kuzungulira kwa dziko lapansi, mphepoyo iyamba kuzungulira ngati kabvumvulu. Koma kabvumvulu wa pabwalo ali wa kamphindi. Uyu atambalala makilomita mazana angapo, nakhala masiku kapena masabata. Nyengo yace m'nyanja ya India, ku mbali ya kuno, iyambira November kufikira April, ndiyo nyengo yathu ya dzinja.

2. Masoka atatu a anthu a kugombe

Namondwe pofika ku gombe adza ndi masoka atatu. Loyamba ndilo mphepo, imene isasula madenga, nizula mitengo, niswa ngalawa za asodzi. Laciwiri ndilo nyanja yeniyeniyo: mphepo ikankhira madzi kumtunda, nyanja nipitirira malire ace, nilowa m'midzi, nisiya mcere m'minda ndi m'zitsime. Lacitatu ndilo mvula yosakata.

Taonani zimene zinagwa ku Beira, doko limene katundu wambiri wa dziko lathu alowera. Mzindawo unamangidwa pamalo otsika. Usiku wa pa 14 March 2019 namondwe Idai anaugwera ndi masoka onse atatu. Mitsinje ya Buzi ndi Pungwe inasefukira, mtunda nusanduka nyanja, ndipo anthu anakhala pa madenga ndi m'mitengo masiku angapo. Atapita madzi, inabuka kolera. M'Mozambique anafa anthu oposa 600. Koma musaiwale ici: m'Zimbabwe, dziko lopanda gombe, anafanso oposa 300, ndipo ambiri a iwo anali a ku mapiri a Chimanimani, kumene mapiri anagumukira midzi usiku.

3. Namondwe akwera kumtunda

Namondwe akacoka pa nyanja, mphepo yace iyamba kufoka, pakuti cakudya cace ndico madzi ofunda. Mafunde nao atsala ku gombe. Koma mitambo iyenda ndi katundu wace wa madzi, ndipo ikagunda mapiri ikakamizidwa kukwera, nizizira, nitula mvula yonse pamalo amodzi. Momwemo tsoka lacitatu lija ndilo gawo la ife a kumapiri.

Makolo athu anadziwa kugumuka kwa mapiri, nakucha Napolo. Kunacitika ku Zomba m'December 1946, ndi ku Phalombe m'March 1991. M'zaka zathu zino, namondwe Ana wa January 2022 anadzaza Shire kotero kuti malo opangira magetsi ku Kapichira anaonongeka, dziko lonse nilisauka ndi mdima miyezi yambiri. Caka comweco inayamba kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi isanathe 2023.

Woposa onse anali Freddy. Anabadwa kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, naoloka nyanja yonse ya India, nakantha Madagascar, nalowa m'Mozambique, nabwerera ku nyanja, nalowanso kufupi ndi Quelimane pa 11 March. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa cotero. Pa 13 March matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nizikwirira nyumba ku Chilobwe m'Blantyre. Mapiri anagumukanso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu akufa ndi osowa m'Malawi anaposa 1,000, ndipo anacuruka kopambana akufa a ku Mozambique, kumene namondweyo anafikira ndi mphamvu zace zonse. Kodi tsono tinganenenso kuti izi nza eni gombe okha?

4. Dziko lathu la Neno

Boma lathu liri pawiri. Kumtunda kuli mapiri ndi zitunda. Kunsi, ku Lisungwi, Matope ndi Zalewa, kuli zigwa zotsikira ku Shire. Wa kumtunda aope kugumuka kwa nthaka, wa kunsi aope cigumula. Mvula yogwa ku mapiri usiku ifika kunsi ngakhale kumeneko sikunagwe dontho, ndipo Lisungwi kapena Wamkulumadzi angadzaze munthu ali m'tulo.

Pali cinthu cina cowawa kucinena. Mizu ya mitengo igwira nthaka monga nsungwi zigwirana m'dengu, ndipo masamba ogwa amwetsa madzi pansi pang'ono pang'ono. Ife tadula mitengo yambiri kuocha makala, amene tiwaona m'matumba m'mbali mwa mseu wa ku Zalewa. Sindinena monyoza, pakuti ndidziwa kuti njala ndi ndalama za sukulu ndizo zituma munthu kunka ndi nkhwangwa ku phiri. Koma phiri lometedwa silisunga madzi, ndipo amene alipira ndiye mbale wace wa m'munsi. Tamanganso nyumba m'makwawa ouma, poona kuti papita zaka osayenda madzi. Akuru anati madzi saiwala khwawa.

5. Cimene tiyenera kucita

Mwambi uti cakudza siciimba ng'oma, koma namondwe yekha aimba. Akatswiri a pa cisumbu ca Réunion amuona ndi makina a mumlengalenga akali kutali pa nyanja, ndipo a Dipatimenti ya za Nyengo ku Blantyre alengeza pa wailesi ndi pa lamya masiku angapo asanafike. Tsiku limene mumva kuti namondwe ayandikira Beira, Quelimane kapena Nacala, dziwani kuti cenjezolo ndi lanu lomwe.

Coyamba, wakumva auze anzace, makamaka okalamba, opunduka ndi amai apakati, nadziwitse mfumu.

Caciwiri, mudzi upangane lisanafike dzinja za malo okwera ndi olimba kothawira, kapena sukulu kapena nyumba ya mapemphero, osakhala patsinde pa phiri. Samukani usana, musalindire mdima.

Cacitatu, mangani m'pepala la pulasitiki mabuku a kucipatala, ziphaso, mankhwala ndi mbeu. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku akatenge msanga, pakuti miseu ya dothi ya kumapiri iterera, ndi milatho imira.

Cacinai, yang'anani zizindikiro: nthaka kung'ambika pa citunda, mitengo kupendekeka, kasupe kutumphuka pamene panalibe, mtsinje kuphwa modzidzimutsa mvula irinkugwa, kapena mkokomo wocokera ku phiri. Mukaona izi thawirani cam'mbali, osatsata kutsetsereka kwa khwawa.

Cacisanu, musaoloke mtsinje wodzaza. Madzi othamanga ofika m'maondo agwetsa mwamuna wamphamvu. Musagonenso m'nyumba ya zidina imene makoma ace amwa madzi.

Cacisanu ndi cimodzi, itakata mvula, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo kolorini, ndipo wotsegula m'mimba munke naye msanga kucipatala.

Mwina mudzasamuka, namondwe napatukira kwina, ena nakusekani. Musacite manyazi. Kugona usiku uwiri pa mkeka m'sukulu kuli kopepuka koposa kukumba matope kufunafuna mwana.

Mafunso a kukambirana

1. Chulani masoka atatu a namondwe. Ndi liti limene lifika kwa ife?
2. Cifukwa ninji mvula icuruka namondwe akagunda mapiri?
3. Ndi nyumba ziti m'mudzi mwanu ziri m'njira ya madzi, ndipo eni ace adzathawira kuti?
4. Ndani adzanyamula okalamba a m'mudzi mwanu tsiku limenelo?