Yankho kwa Mayi a ku Milonde

Zikomo mayi athu a ku Milonde, ku Mulanje, chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati ufulu wachibadwidwe womwe timaunena pa wailesi pano umamufika munthu wothyola tiyi, dengu kumsana m'mame a m'mawa.

Umamufika ndithu, mayi. Pa 10 Disembala 1948, ku Paris, bungwe la United Nations lidavomereza chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha mfundo 30. Mfundo ya 23 imati wantchito azilipidwa moyenera, ndipo asaletsedwe kulowa mgwirizano wa apantchito. Chikalatacho pachokha chinali lonjezo, n'chifukwa chake mu 1966 padabwera mapangano awiri omanga maboma. Malawi adalowamo mu Disembala 1993, chaka cha riferendamu.

Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti malamulo athu oyendetsera dziko a 1966 ankatchula chikalata cha 1948 chija, anthu n'kumatsekeredwabe ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu. Lero ufuluwu uli m'Mutu 4 wa malamulo oyendetsera dziko lino. Akakudulani malipiro popanda chifukwa, musangolirira kuntchini: tengani mapepala anu a malipiro, mupite ku ofesi ya zantchito pa boma, kapena ku Malawi Human Rights Commission.