Madzi akamatha mu redieta, yang'anani pa manifodi

Alimi anzanga, mlungu uno tisiye kaye za m'munda, tikambeko za galimoto imene imatinyamulira zokolola. Ife a kuno ku Malindi, chimanga, thonje, matimati ndi usipa wathu zimafika pa msika wa Mangochi chifukwa cha mapikapu akale amene amayenda mumsewu wa ku Makanjira. Pikapu ikafera panjira, matimati amaola ndipo phindu la chaka chonse limathera kugalaja.

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 35. Nthawi imeneyi ndimaona madalaivala ambiri akuyenda ndi chigubu cha madzi, n'kumathira mu redieta pa siteji iliyonse. Mukafunsa amati redieta yaboola. Nthawi zina redieta imakhala ilibe mlandu, vuto lili pa chitsulo chimene amakanika amachitcha intake manifold, kapena kungoti manifodi.

Manifodi ndi chitsulo cha aluminiyamu chimene chimamangidwa m'mbali mwa hedi ya injini, ndipo ntchito yake ndi kulowetsa mpweya m'masilinda. Mu injini zambiri za petulo zokhala ndi kabureta, monga 22R ya Toyota Hilux, madzi oziziritsa injini amadutsanso m'kati mwake kuti petulo azisakanikirana bwino ndi mpweya. Pakati pa manifodi ndi hedi pali gasiketi. Gasiketiyo ikatha, kapena chitsulocho chikadyeka, madzi amapeza njira.

Chimadya chitsulochi n'chiyani? Ndi madzi wamba amene timatunga kunyanja kapena pa mjigo. Madzi otere alibe mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo a m'mijigo ina ndi amchere. Pang'ono ndi pang'ono amakumba timaenje pa aluminiyamu ngati mmene anankafumbwe amachitira ndi chimanga.

Zizindikiro zake ndi izi. Madzi akamatulukira kunja, mudzaona zoyera ngati mchere zitauma pamene manifodi yakhudzana ndi hedi. Akamalowa m'kati, ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha kale, ndipo m'mawa injini imanjenjemera poliza. Solaninso dipisitiki. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa mu oyilo. Imitsani galimoto pomwepo chifukwa mabering'i sachedwa kutha. Zizindikiro zomwezi zimaonekanso gasiketi ya hedi ikapsa, tsono pemphani makanika apope mpweya mu redieta kuti aone penipeni pamene pakudontha musanagule chilichonse.

Ikapezeka kuti ndi manifodi, ine ndimatsata ndondomeko iyi.

Choyamba, dikirani injini izizire. Chotsekera cha redieta chimasunga mphamvu ya pafupifupi 0.9 bar, ndipo madzi a m'katimo amatha kutentha kuposa madigiri 100 osawira. Mukatsekula ikadali yotentha, akuwaulani kumaso. Chotsani waya wa negetivu pa batire, kenaka khuthulirani madzi m'beseni.

Chachiwiri, musanazule mapaipi ang'onoang'ono ndi mawaya, mangirirani ulusi wa mitundu yosiyana kuti musadzasokoneze pobwezera. Masulani mabawuti, chotsani manifodi, ndipo tsekani mabowo a pa hedi ndi nsanza zoyera kuti mchenga usalowe.

Chachitatu, palani gasiketi yakale mosamala popanda kukanda chitsulo. Ikani rula yachitsulo pankhope ya manifodi n'kuyang'ana kudzuwa. Kuwala kukamadutsa pansi pa rula, ndiye kuti chitsulo chapindika ndipo chikufunika kukasalazidwa pa makina.

Chachinayi, timaenje ting'onoting'ono mukhoza kutitseka ndi guluu wa zitsulo wosakaniza machubu awiri, monga Pratley Steel. Tsukani malowo mpaka mafuta ndi dzimbiri zitheretu, umitsani, matani, ndipo musiye tsiku lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akauma, salazani ndi sandipepa yokulunga pa thabwa losalala. Koma ngati manifodi yang'ambika, guluu sangalimbe chifukwa chitsulo chimafutukuka chikatentha n'kubwerera chikazizira. Aluminiyamu sawotchereredwa ndi makina wamba a mageti ndi mawindo. Pamafunika a gasi wa argon. Ngati simuwapeza pafupi, itengereni ku Blantyre, kapena gulani manifodi ina kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zakale.

Chachisanu, ikani gasiketi yatsopano, yakale musaibwezere. Mangani mabawuti kuyambira apakati kupita kumapeto, pang'onopang'ono, maulendo awiri kapena atatu. Pa injini ya 22R muyezo wake ndi 19 Nm, mphamvu yochepa ndithu. Mukakoka ndi paipi pa sipanala mudzadula mazinga a mu aluminiyamu.

Pomaliza, thirani kulanti wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire kapena a mvula osefa bwino. Lizani injini chotsekera chili chotsekula mpaka thovu litasiya kutuluka, onjezerani, kenaka tsekani. Ngati madzi analowa mu oyilo, sinthani oyilo ndi fyuluta tsiku lomwelo. Mawa lake m'mawa yang'ananinso mlingo wa madzi.

Ndikuchenjezeni pa zinthu zitatu. Musathire mazira, ufa kapena sopo mu redieta. Zimatseka timipope ta redieta ndipo injini imatentha kuposa kale. Musachotse themositati poganiza kuti kuno n'kotentha. Imatseguka yokha madzi akafika madigiri a pakati pa 82 ndi 88, ndipo injini yoyenda yozizira imamwa petulo wambiri n'kutha msanga. Kulanti ndi poizoni ngakhale amatsekemera. Musamutaye pabwalo pamene ana, agalu ndi mbuzi angamwe, kapena m'ngalande yopita kunyanja.

Gasiketi ndi botolo la kulanti mtengo wake sungafanane ndi wa injini yopsa. Konzani galimoto yanu tsopano, isanafike nyengo yonyamula feteleza ndi mbewu.