Zakudya Zomanga Thupi kwa Amene Akuchepetsa Kunenepa

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyezo. Kunenepa kotereku kumatsegulira njira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, n'chifukwa chake achipatala amalangiza anthu ena kuti achepetse thupi. Vuto limabwera pa kachitidwe kake. Ambiri amangodula chakudya chonse, ena mpaka kugonera tiyi, ndipo sikelo ikatsika amati zatheka.

Koma sikelo sinena chimene chachoka. Thupi likamalandira chakudya chochepa limagwiritsa ntchito mafuta amene linasunga, komanso limaphwanya minofu ngati zakudya zomanga thupi, zimene akatswiri amazitcha mapuloteni, zikuperewera. Minofuyo ndi imene imagwira khasu ndi kupalasa njinga. Amene wataya minofu amafooka, ndipo akayambiranso kudya monga kale, chimene chimafulumira kubwerera ndi mafuta. Mapuloteni amachedwetsanso njala, zimene zimathandiza munthu kupirira.

Munthu wamkulu amafunika magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Kwa amene akuchepetsa thupi, akatswiri ambiri amalangiza magalamu 1.2 mpaka 1.6. Choncho wolemera makilogalamu 70, amene akanafunika magalamu 56, ayenera kupeza pakati pa 84 ndi 112. Wonenepa kwambiri awerengere pa sikelo imene akufuna kudzafikapo.

Zonsezi zimapezeka pamsika wapafupi. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. M'magalamu 100 a soya wouma muli mapuloteni okwana 36, pomwe nyemba ndi nandolo zouma zili ndi opitirira pang'ono 20. Usipa ndi matemba ouma amaposa zonsezi, pakuti oposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ngakhale kuti ena amaziona ngati ndiwo za kumapeto kwa mwezi. Mtedza nawo uli ndi ambiri, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, kotero wochepetsa thupi asachite kutapa nsinjiro ndi manja awiri. Zofunika kuchepetsa ndi mitanda ya nsima, shuga wa m'tiyi, zakumwa zozizilitsa kukhosi, mandasi ndi mafuta ophikira. Ndiwo zomanga thupi zizipezeka pa chakudya chilichonse, kuyambira m'mawa, pamodzi ndi masamba ndi zipatso monga momwe magulu asanu ndi limodzi a zakudya amatiphunzitsira. Ntchito yofuna mphamvu kapena masewera olimbitsa thupi zimathandizanso kuti minofu isathe.

Nanga ufa wa mapuloteni wa m'zigubu umene ukutsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp? Wodziwika kwambiri ndi whey, amene amachokera ku madzi otsala popanga tchizi kuchokera ku mkaka. Muyezo umodzi umapereka magalamu 20 mpaka 25, ofanana ndi mazira anayi. Ndi chakudya chabe, sichisungunula mafuta, ndipo wouwonjezera pamwamba pa zimene amadya kale akhoza kunenepera. Ungathandize munthu wosowa nthawi yophika, koma kwa mabanja ambiri a m'boma lino ndalama yakeyo ingagule mazira ndi usipa zodya banja lonse. Tiyi wochepetsa thupi ndi nkhani inanso: wambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, choncho chimene chimachoka ndi madzi.

Amene ali ndi vuto la impso asawonjezere mapuloteni popanda chilolezo cha dokotala. Amayi oyembekezera asayambe kuchepetsa thupi, ndipo odwala shuga amene ali pa mankhwala ayambe aonana ndi achipatala, chifukwa kudula chakudya mwadzidzidzi kungatsitse shuga mowopsa. Ofuna kuyezedwa sikelo ndi msinkhu apite kuchipatala chapafupi kapena afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo.