Phunziro la Amalonda: Alumali Wabwino Asunga Phindu

Phindu la masitolo ambiri a kumidzi limathera pansi. Shuga akagona padothi kapena pasimenti amakoka chinyezi, mchere umasungunuka, ndipo chiswe chimaboola makatoni. Katundu wotere wagulidwa ndi ndalama, koma sangagulitsidwe. Mankhwala ake ndiwo alumali womangidwa bwino.

Kamangidwe kake

Kalipentala asankhe matabwa ouma, pakuti aawisi amapindika. Thabwa lochindikala masentimita 2.5 ndi lotambalala masentimita 30 ndi lokwanira. Mizati yake isatalikirane koposa masentimita 90, chifukwa thabwa lalitali lopanda mchirikizo limagooka pakati. Kumbuyo akhomeko thabwa lina mopingasa, kuchokera pangodya ya pamwamba kufika pangodya ya pansi. Ndilo liletsa alumali kupendekeka. Alumali wamtali akhomeredwenso kukhoma kuti asagwere mwana.

Thabwa la pansi likwere masentimita 15, kuti tsache lizilowa ndi kuti makoswe asowe pobisala. Miyendo ikhale pamiyala yafulati, ndipo njira za chiswe zikaoneka ziphwanyidwe tsiku lomwelo.

Kaikidwe ka katundu

Zolemera zikhale pansi. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 chimalemera pafupifupi makilogalamu 18, ndipo chikaikidwa pamwamba chingathe kugwetsa alumali yense. Zimene anthu amagula tsiku ndi tsiku, monga mchere ndi masamba a tiyi, zikhale pamene wogula aziona ataima pakauntala. Sopo ndi parafini zikhale kwaokha, pakuti ufa ndi shuga zimatenga fungo msanga. Machesi atalikirane ndi parafini, ndipo mankhwala ophera tizilombo asaikidwe pamwamba pa zakudya. Katundu watsopano aziikidwa kumbuyo, kuti wakale ayambe kutha.

Ponyamula panjinga

Lamulo ndi lomwelo pochokera kopikula. Pakaliyala pamangidwe bokosi lamatabwa lokhala ndi thabwa logawa pakati, kuti zakudya zisakhudzane ndi sopo. Zolemera zitsike pansi, ndipo mbali zonse ziwiri zilemere mofanana. Mathireyi a mazira, a mazira 30 lililonse, akhale pamwamba, omangidwa ndi malegeni mosakoka kwambiri.

Mwini sitolo amene akuopa mtengo wa matabwa ayambe wawerengera shuga ndi mchere zimene anataya dzinja lathali.