Phunziro 9: Chithandizo cha Chipatala kwa Abale Athu Okhala ku South Africa

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, aliyense wa ife athe kulangiza m'bale wake amene ali ku South Africa, kapena amene akukonzeka kupita, za njira yopezera chithandizo cha chipatala asanadwale.

Mau oyamba

Ambiri a ife tili ndi m'bale ku Joni. Kale azibambo ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi TEBA, ndipo akadwala ankagona m'chipatala cha mgodi. Ulendo umenewo udatha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Masiku ano munthu amadzikwerera yekha basi, nakadzifunira yekha ntchito. Akadwala, amadzionera yekha.

Anthu athu kumeneko amadziwa kusonkherana ndalama zobweretsera maliro kumudzi. Chimenechi nchabwino. Koma kodi nchifukwa chiyani timakonzekera bokosi osakonzekera chipatala? Moyo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo kuusamala ndi udindo wathu.

1. Zimene lamulo limapatsa munthu aliyense

Gawo 27 la Malamulo Oyendetsera Dziko la South Africa, a 1996, limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo pa matenda adzidzidzi. Mau akuti "aliyense" akuphatikizapo mlendo.

Lamulo la zaumoyo la 2003 limaonjezera kuti chithandizo choyambirira m'makiliniki a boma nchaulere, ndiponso kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere ngati sali pa medical aid. Mu 2023 Khoti Lalikulu la ku Gauteng lidagamula kuti ufulu wa amayi ndi ana umenewu suyang'ana dziko limene munthu adachokera kapena mapepala amene ali nawo.

Tsono zipatala zazikulu za boma zimalipiritsa, mizere imatalika, ndipo alendo ena amachitidwa chipongwe pakhomo. Zipatala zomwe si za boma nzodula kwambiri. Nchifukwa chake munthu amene ali ndi mapepala ndi malipiro okhazikika ayenera kuganizira za medical aid.

2. Kodi medical aid nchiyani?

Ndi thumba limene anthu ambiri amaponyamo ndalama mwezi ndi mwezi, kuti mmodzi akadwala thumbalo limulipirire. Kuno kwathu tikudziwa za MASM. Ku South Africa mabungwe otere amayendetsedwa ndi lamulo la Medical Schemes Act la 1998, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la Council for Medical Schemes.

Mabungwe ena ngotsekera antchito a malo amodzi, monga GEMS ya antchito a boma. Ena ngotsekukira aliyense, monga Bonitas, Discovery, Fedhealth ndi Momentum. Bungwe lotsekukira aliyense siliyenera kukana munthu chifukwa cha msinkhu wake kapena matenda ake. Ndiponso bungwe lililonse liyenera kulipirira matenda adzidzidzi, matenda ena pafupifupi 270 olembedwa m'malamulo, ndi matenda amgonagona monga shuga, mphumu, khunyu, kuthamanga kwa magazi ndi HIV, ngakhale munthu atasankha pulani yotsika mtengo.

Mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasaina lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, yotchedwa NHI. Kusainako sikudathetse mabungwe a medical aid, pakuti dongosolo latsopanoli lidakonzedwa kuti likhazikitsidwe pang'onopang'ono. Munthu asalekerere moyo wake poyembekezera zimenezo.

3. Zinthu zitatu zimene zimagwetsa alendo

*Choyamba: nthawi yodikira.* Munthu amene akulowa koyamba angauzidwe kuti adikire miyezi 3 akusonkha koma osalandira chithandizo. Pa matenda amene adalowa nawo, angadikire miyezi 12. Mayi amene walowa ali kale woyembekezera angapezeke kuti akulipira yekha pochira. Lamuloli lidaikidwa kuti anthu asamalowe tsiku limene adwala nkutuluka akachira, chifukwa thumba lotero lingaume. Tanthauzo lake nlakuti nthawi yabwino yolowera ndi pamene munthu ali bwinobwino.

*Chachiwiri: chindapusa cholowa mochedwa.* Munthu wa zaka 35 kapena kuposerapo amene sadakhalepo m'bungwe lolembetsedwa ku South Africa angaonjezeredwe ndalama mwezi uliwonse. Wochedwa ndi chaka 1 mpaka zaka 4 amaonjezera 5 peresenti. Zaka 5 mpaka 14, 25 peresenti. Zaka 15 mpaka 24, 50 peresenti. Zaka 25 kupita m'tsogolo, 75 peresenti. Zaka zimene munthu adakhala pa inshuwalansi ya dziko lina siziwerengedwa. Tiyerekeze kuti bambo wa zaka 45 akulowa koyamba. Wachedwa ndi zaka 10. Pamene mnzake akulipira R2,000, iye angalipire R2,500, ndipo chindapusachi sichitha pakutha pa chaka.

*Chachitatu: kubisa matenda.* Pafomu amafunsa matenda onse amene munthu adadwalapo. Ena amabisa poopa kudikira. Bungwe likazindikira, lili ndi mphamvu yomuchotsa ndi kukana kulipira, pamene iye wagona kale m'chipatala. Kunena zoona kumachedwetsa miyezi 12, koma bodza limatayitsa zonse.

4. Tisasokoneze zinthu zosiyana

Pali anthu ogulitsa mapulani otsika mtengo amene dzina lake limamveka ngati medical aid. Ina ndi inshuwalansi yongopereka ndalama pang'ono pa tsiku lililonse limene munthu wagona m'chipatala. Imeneyi silipira bilu yonse ya dokotala. Ina ndi inshuwalansi ya maliro, imene imagwira ntchito munthu atamwalira. Zonsezi zili ndi malo ake, koma si medical aid. Safunsa adadya phula. Musanasaine, funsani kuti: "Kodi bungweli nlolembetsedwa ku Council for Medical Schemes?"

5. Njira yoyenera kutsata

a) Konzani mapepala. Mabungwe amafuna pasipoti, chiphaso chokhalira m'dzikomo chomwe sichinathe ntchito, ndipo kawirikawiri akaunti ya kubanki. Wopita kukaphunzira adziwe kuti chiphaso cha ophunzira sichiperekedwa popanda umboni wa medical aid yolembetsedwa ku South Africa.

b) Funsani abwana ngati kampani ili ndi bungwe lake, ndiponso ngati imathandizako kulipira.

c) Yerekezani mapulani awiri kapena atatu. Pulani yotsika mtengo imakhala ndi zipatala zake zosankhidwa. Mukapita kwina popanda chifukwa chadzidzidzi, mudzaonjezera ndalama za m'thumba mwanu.

d) Lembetsani mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana. Khanda lilembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire.

e) Musadumphitse kulipira. Munthu akakhala kunja kwa bungwe masiku oposa 90, pobwerera amamutenga ngati watsopano ndipo kudikira kumayambiranso.

f) Sungani makalata ndi malisiti. Bungwe likakana kulipira popanda chifukwa chomveka, dandaulani kubungwelo, ndipo likapanda kukuthandizani pitani ku Council for Medical Schemes. Kudandaula kumeneko nkwaulere.

Tikudziwa kuti abale ambiri amagwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa kapena zogulitsa pamsewu, ndipo ndalama za medical aid sangazikwanitse. Otere adziwe kiliniki ya boma imene ili pafupi nawo, akatsegulitse khadi asanadwale, ndipo azipatula kangachepe mwezi uliwonse ka matenda okha. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, atenge kalata ya kuchipatala ponyamuka kuno kuti akapitirize osadukiza.

6. Udindo wathu otsala kumudzi

Yosefe, ali mlendo ku Ejipito, adasunga tirigu m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu, ndipo njala itafika anthu adapulumuka. Kukonzekera sikusowa chikhulupiriro ayi. Ifenso otsala tidzifunse: mwana akatumiza ndalama yonse kumudzi mwezi uliwonse, osatsala nako kanthu, kodi tsiku lodwala adzatani? Nthawi zina ndife amene timamukakamiza. Kuli bwino nyumba ichedwe kufoleredwa malata koma mwini wake adzalowemo ndi mapazi ake.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Kodi mlendo ku South Africa ali ndi ufulu wotani akadwala mwadzidzidzi?
2. Nchifukwa chiyani kulowa medical aid utadwala kale sikuthandiza msanga?
3. Mayi wa zaka 52 akulowa koyamba. Angaonjezeredwe maperesenti angati?
4. Kodi timasonkherana msanga pa matenda monga timachitira pa maliro? Chifukwa chiyani?

Zoti tichite

Sabata ino banja lililonse limene lili ndi m'bale kunja limuimbire foni ndi kumufunsa kumene angapite atadwala usiku, ndi amene angamulipirire. Mayankho tidzakambirane pa msonkhano wotsatira.