Mmene mungasankhire mnzanu buku, filimu kapena podcast yoti aikonde

Tsiku lililonse pa magulu a WhatsApp pamagwa mauthenga akuti "Filimu iyi ndi moto!" kapena "Buku ili musaliphonye." Ambiri timangowadutsa, chifukwa wotumizayo amakhala akunena za chimwemwe chake, ife osatiganizira. Mukauza munthu kuti awerenge, aonere kapena amvetsere chinthu, mukumupempha nthawi yake, ndipo kawirikawiri ndi ndalama zake za bandulo. Pempho lotere liyenera kukonzedwa bwino. Njira zisanu ndi imodzi izi zingakuthandizeni.

1. Yambani ndi munthuyo

Kusankhira munthu buku kuli ngati kumugulira nsapato: muyenera kudziwa phazi lake. Mufunseni chomwe anawerenga mpaka tsamba lomaliza, kapena pulogalamu yomwe salola kuti imudutse. Mvetseraninso zomwe zikumuvuta masiku ano.

Mwana wa mlongo wanu amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi angalimbe mtima ndi The Boy Who Harnessed the Wind, buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer lomwe linatuluka mu 2009. Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma anapanga makina amphepo opangira magetsi ataona chithunzi m'buku la mulaibulale. Mnzanu amene akukonzekera ulendo wa maphunziro kunja muuzeni za I Will Try, la Legson Kayira, yemwe ananyamuka wapansi mu 1958 mpaka kukafika ku Khartoum pofunafuna sukulu ya ku America. Amalume okonda za makedzana angasangalale ndi Nthondo, la Samuel Josia Ntara, la mu 1933, lomwe limatsata moyo wa munthu mmodzi wa pamudzi kuyambira kubadwa mpaka imfa yake.

2. Sankhani chimodzi chokha

Mndandanda wa mabuku 10 umalefula. Munthu amausunga kuti adzauona mawa, ndipo mawalo silifika. Ngati mbale wanu wa ku Johannesburg wasowa kumudzi, musamutchulire mafilimu onse a Shemu Joyah nthawi imodzi. Mupatseni The Last Fishing Boat, ya mu 2012, yonena za msodzi wa pa nyanja ya Malawi ndi alendo odzaona malo. Akaikonda adzafunsa yekha ina, ndipo pamenepo mudzamuuze za Seasons of a Life kapena The Road to Sunrise.

Pa podcast lamuloli ndi lofunika kwambiri. Ma podcast ena ali ndi zigawo mazanamazana, ndipo mlendo sadziwa poyambira. Tumizani gawo limodzi lomwe linakugwirani mtima, ndipo ngati ndi lalitali, nenani mphindi yomwe nkhani yeniyeni ikuyambira.

3. Nenani chifukwa chake, mathero musunge

Mawu oti "ndi yabwino" sauza munthu kanthu. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zikwanira: nkhaniyo ndi ya yani, vuto lake ndi lotani, ndipo inu mwakumbukira mnzanuyo chifukwa chiyani. Mwachitsanzo: "Achimwene, paja mumakonda nthano zomwe agogo ankatisimbira. Werengani Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Ndi nkhani ya abale awiri ndi nsanje, ndipo Chichewa chake n'chokoma." Lekerani pomwepo. Mukaulula yemwe wafa, yemwe wakwatira ndi yemwe wagwidwa, mwamulanda mnzanuyo chomwe mumafuna kumupatsa.

4. Musabise zovuta zake

Ngati buku likuyamba mwapang'onopang'ono, nenani, kuti munthu apirire masamba oyambawo. Ngati Chingerezi chake n'cholemera, monga cha ndakatulo za Jack Mapanje mu Of Chameleons and Gods, muuzeni kuti aziwerenga imodzi imodzi, ndipo mumufotokozere kuti zinalembedwa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, pomwe alembi ankabisa tanthauzo m'mafanizo.

Kumbukiraninso kuti m'nyumba zambiri TV ndi imodzi, ndipo ili pabalaza. Pamakhala ana, makolo, nthawi zina apongozi. Filimu ikakhala ndi zachipongwe, zolaula kapena kuphana, chenjezanitu. Chimodzimodzi podcast yomwe olankhula ake samangira pakamwa: muuzeni mnzanu kuti avale mahedifoni. Mukamuchititsa manyazi kamodzi pamaso pa akuluakulu, sadzakhulupiriranso kusankha kwanu.

5. Mutsegulireni njira yochipezera

Malangizo ambiri amafera apa. Munthu wafuna, koma chinthucho sakuchipeza. Ngati bukulo muli nalo, mubwerekeni, mulembe dzina lanu mkati ndipo mugwirizane tsiku lobweza. Ngati mulibe, yambani mwafunsa ku laibulale ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi, ya kusukulu kapena ya kutchalitchi, kenako mumuuze komwe lili. Pewani kufalitsa mabuku ojambulidwa mwakuba pa WhatsApp, chifukwa wolemba amene mukumutamandayo sapezapo kanthu, ndipo alembi athu akasowa phindu mabuku atsopano amachepa.

Pa pulogalamu ya pa MBC, Times kapena Zodiak, tchulani tsiku ndi ola, ndipo mumukumbutse nthawi ikayandikira. Filimu ya nkhani ya Kamkwamba, yomwe Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019, ili pa Netflix, choncho wopanda Netflix ndi bwino kumuitana kwanu mudzaonere limodzi. Podcast ya mawu okha imadya bandulo yochepa kuyerekeza ndi ya vidiyo. Muonetseni mnzanu mmene angaitsitsire pafoni ali pa Wi-Fi, kuti azimvetsera ali m'minibasi, akuchapa kapena magetsi atazima. Kwa agogo amene maso atopa, njira yake ndi inuyo: khalani nawo pakhonde muziwawerengera mutu umodzi patsiku.

6. Bwererani mudzakambirane

Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, funsani pomwe wafika. Funso labwino ndi loti, "Ndani wakusangalatsani m'nkhaniyi?" kapena "Inu mukanatani pamalo pake?" Funso loti "Mwamaliza?" limamveka ngati la mphunzitsi wofuna homuweki. Akakuuzani kuti sanaikonde, musakhumudwe ndipo musamukakamize. Funsani pomwe inamutayira, chifukwa yankho lakelo likuphunzitsani chodzamusankhira ulendo wina. Kenako nanunso mupempheni chake, ndipo muchiwerenge kapena kuchionera ndithu, ngakhale chitakhala cha mtundu womwe simuukonda kwenikweni.

Yambani sabata ino ndi munthu mmodzi amene mumamudziwa bwino. Mabuku ambiri a Chichewa omwe makolo athu anawerenga kusukulu sapezekanso m'masitolo, ndipo ena angotsala m'masutikesi ndi m'makabati. Ngati lanu lili mmenemo, litulutseni, mulipukute fumbi, muganizire yemwe lingamuthandize, mukamupatse pamanja.