Kodi kuchepa kwa zinki ndiko kwadwalitsa mwana wanga khansa ya impso?

A Dokotala,

Mwana wanga wa zaka zitatu adamupeza ndi chotupa cha impso chotchedwa Wilms. Mlamu wanga adawerenga pa intaneti kuti matendawa amakhudzana ndi puloteni ya zinc finger. Tsopano apongozi akuti vuto ndi ine, ati sindinkamudyetsa bwino mwanayo ndiye zinki adamuchepera. Kodi n'zoona? Ndimugulire mapiritsi a zinki? Nanga mng'ono wake adzadwalanso?

Mayi wodandaula, Zomba

Mayi,

Pepani ndi matenda. Mlamu wanu sadaname, koma apongozi aimva molakwa nkhaniyi. Kadyetsedwe kanu sikadabweretse chotupacho.

M'selo iliyonse ya thupi muli DNA, momwe mudalembedwa malangizo a kapangidwe ka munthu. Malangizowo sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Pali mapuloteni amene amakakamira pa DNA n'kulamula kuti jini iyi iyambe ntchito, iyo ikhale chete. Ambiri mwa mapuloteniwa ali ndi timphanda tooneka ngati zala, ndipo kachala kalikonse kamapindika bwino chifukwa cha kanthu kakang'ono ka zinki kamene kali patsinde pake. Gulu la Aaron Klug ku Cambridge ndilo lidafotokoza koyamba za timphandati mu 1985, litafufuza mazira a chule wa kuno ku Africa wotchedwa Xenopus. Munthu ali ndi mapuloteni otere, otchedwa zinc finger, mazanamazana.

Puloteni imene mlamu wanu adawerenga ndi WT1, ya zala zinayi. Jini yake ili pa kromozomu 11 ndipo idadziwika mu 1990. Ntchito yake yaikulu imachitika mwana akadali m'mimba: imatsogolera maselo anthete kuti akhwime n'kukhala impso, komanso imathandiza kupanga machende mwa anyamata ndi mabasiketi a mazira mwa atsikana. Munthu akabadwa, imapitiriza kusamalira timasefa ta impso kuti puloteni ya m'magazi isamatayikire mumkodzo. Jiniyi ikalakwika, maselo ena sakhwima, amangotsala anthete n'kumachulukana, mpaka patapita zaka mayi posambitsa mwana amamva chinthu cholimba m'mbali mwa mimba. N'chifukwa chake matendawa amagwira kwambiri ana osakwana zaka zisanu. WT1 yomweyi imapezekanso itachuluka m'mitundu ina ya khansa ya m'magazi, ndipo madokotala ena amaiyeza pofuna kudziwa ngati khansayo ikubwerera.

Cholakwika chili m'malangizo opangira puloteniyo, osati mu zinki. Chitseko chikadulidwa mokhota, kuwonjezera misomali sikuchiwongola. Ndiponso si chotupa cha Wilms chilichonse chimene chimayamba ndi WT1. Ana ambiri amakhala kuti jini yawoyi ili bwinobwino, zalakwika ndi zina.

Mapiritsi a zinki ali ndi ntchito yake. Timapatsa mwana wotsegula m'mimba kwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi Thanzi ORS. Khansa sachiza. Akachuluka amasanzitsa, ndipo mwana amene ali pa mankhwala a khansa amakhala akuvutika kale ndi mseru. Musamupatse popanda kufunsa amene akumuthandiza. Ndalamayo bola mugulire usipa, mazira ndi nsinjiro zothira m'phala, chifukwa mwana wowonda amalephera kupirira mankhwala.

Za mng'ono wakeyo, mtima pansi. Mwa ana 100 odwala matendawa, mmodzi kapena awiri okha ndiwo amakhala ndi wachibale amene adadwalapo. Komabe uzani adokotala ngati chotupa chili ku impso zonse ziwiri, ngati kubanja kudaonekapo matenda otere, kapena ngati mwana adabadwa ndi chachilendo kumaliseche kapena wopanda gawo lakuda lozungulira mwana wa diso. Zizindikiro ziwiri zomalizazi zimayendera limodzi ndi vuto la WT1 lobadwa nalo, ndipo zikakhalapo timaunika impso pafupipafupi.

Chondidetsa nkhawa ine si zinki ayi, koma kusiya chithandizo panjira. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zochizika kwambiri. M'maiko olemera ana pafupifupi 9 mwa 10 amachira. Kwathu kuno, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mwana amayamba ndi mankhwala kwa milungu ingapo kuti chotupa chiphwe, kenako opaleshoni yochotsa impso yodwalayo, n'kubwereranso pa mankhwala. Chotupa chikaphwa makolo ena amayesa kuti mwana wachira, ena amaopa mpeni, ena ndalama yoyendera imawathera. Akamabwerera, matenda amakhala atafika kumapapo. Impso imodzi yotsalayo imakwana kuti munthu akule ndi kukalamba.

Ngati thiransipoti ikuvuta, auzeni anamwino tsiku lisanafike. Ndipo ulendo wotsatira muwatenge apongoziwo, akamve okha kwa adokotala a mwanayo.